Masana Amene Phiri Linazungulira Boti

Injini itazima, a Blasius Likaka sanadzidzimuke. Anali chikhalire pampando wansungwi kutsogolo kwa boti, chipewa chitatsikira pamphuno, ali pakati pa tulo ndi maso. Kuyambira m'mawa wa Khirisimasi imeneyo boti la Kakowa linkakwera mtsinje wa Shire kuchokera pa Liwonde kulowera ku Malombe, Machinga ali kudzanja lamanja, Balaka kumanzere. Tsopano kunangoti zii. Kamvula kamene kanawaza dzuwa lisanafike pamutu kanasiya fungo la dothi pamwamba pa madzi. Mvuu ina inafwenthera kutali.

Kenako phiri la Chinguni linanyamuka. Linachoka kumanja kumene linali, n'kudutsa patsogolo pawo pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta, n'kupita kumanzere, n'kukabisala kumbuyo.

"Lilian, taona," anatero chamumtima.

Mpando wapambali pawo unali wopanda munthu. Ulendo umenewu ankaulakalaka ndi Lilian. Zaka zonse zimene a Likaka anali wapolisi, Khirisimasi inkawapeza kuntchito, ndipo mkazi wawoyo ankati tsiku lina mudzandikweze boti, ndidzadyeko mpunga wophika wina. Iwo atapuma ntchito n'kubwerera kwa Nsamala, Lilian anayamba kudwala, ndipo sanadzukenso. Chaka chino mwana wawo wa ku Blantyre anangowagulira tikiti osawafunsa. M'mawa uja mtsikana wa m'botimo, ataona kuti akokera mpando wachiwiri pafupi, anabweretsa makapu awiri a tiyi. Iwo sanamukonze, iyenso sanafunse.

Injini inaliranso. Atakweza chipewa, phiri linali pamalo pake. Ndalota, anaganiza choncho, ndipo anachita manyazi pang'ono.

"Zibangili zanga! Wallahi, wina wandilowera m'chipinda!"

* * *

Mawuwo anali a Hajati Maryam, mayi wa sitolo zansalu wa ku Ngokwe, amene anakwera ndi banja lawo: mwana wawo Fadila, mkamwini wawo Shafiq, ndi achimwene awo okalamba, Shehe Mahmudu. Pokwera anali atauza a Likaka kuti Khirisimasi si yawo, koma tchuthi sichisankha chipembedzo.

A Likaka atafika m'chipinda chodyera anapeza mlandu utagamulidwa kale. Patsinde pa kamtengo kapulasitiki ka Khirisimasi panali patakhuthulidwa chikwama cha Rukiya, mtsikana wa makapu awiri uja, amene ankasesa ndi kuyala m'zipinda. Munali chitenje, sopo, ndi mpango watsopano ukadali m'pepala lake. Mwiniwake anaima chotsamira khoma, manja kumbuyo.

"Mulibe kanthu," anatero Samson, woyendetsa boti.

"Wabisa pena," anatero Shafiq. Anali mnyamata wosalala, wovala mkanjo woyera, kamkeka kake kopempherera atakapinda n'kukapana m'khwapa. "Awa timawadziwa, madala. Ku Joni wotereyu amatuluka m'nyumba ndi wailesi pansi pa diresi, akukupatsa moni."

Samson anakokera a Likaka pambali. Eni boti anali atalamula kale pafoni: litembenuke, libwerere ku Liwonde, mtsikanayo aperekedwe kupolisi.

"Bwana, mwana uyu ukwati wake ndi mwezi wamawa, mpangowo ndi wa tsiku limenelo. Akangolowa m'chitolokosi, ngakhale atuluke m'mawa mwake, akuchimuna sabweranso. Inu si munali a polisi?"

"Ndinali."

"Galu wamkota sakandira pachabe. Pepani pokufanizirani."

"Alendo mwawasecha?"

"Mlendo sasechedwa pa Kakowa. Ndingachotsedwe ntchito ine."

A Likaka anayang'ana mtsikanayo. Sankalira. Ankangoyang'ana mpango wake pansi paja.

"Musatembenuze boti kaye," anatero. "Ndipatseni mpaka nthawi ya tiyi."

* * *

A Hajati anakhala pabedi la Fadila, akudzikupiza ndi mbale yapepala. Makatani anali otseka. Fadila anagona chammbali, atagwira pamimba.

"Zitatu, zagolide, zochokera ku Maka," anatero a Hajati. "Ndinavula kuti ndisambe m'manja, kusamba kwathu kuja kokonzekera swala, n'kuziika pakashelefu m'chipinda changa. Uyu wandiitana, mseru wamuvuta, ndi woyembekezera. Basi ndinaswalira kuno."

"Munakhoma chitseko?"

"Ndikhome pa boti? Wakubayo athawire kuti, kwa ng'ona?"

"Injini itazima munali muno?"

"Muno. Makatani timatseka, madzi akamayenda pawindo uyu amasanza. Taganizani, bambo. Ine ndayang'ana kwa Mulungu, kutsogolo kwa boti uku monga anatiuzira Samson m'mawa, wina ali kuseri kwa khoma akundivula."

"Simunamve chachilendo?"

"Bata basi, ndi m'mimba mwa mwana wanga mukulira."

"Nanga akamwini?"

"Anali pamwamba, akuswali ndi achimwene." A Hajati anapinda mlomo. "Ndicho chokhacho amachita osatumidwa. Anabwezedwa ku Joni atanyamula jumbo, ndamuika m'sitolo, amadya, amavala. Koma pakamwa ndi Joni, Joni. Ndinamuuza kuti akafuna kubwerera ayende pansi."

"Amayi," anatero Fadila motsitsa.

"Ndanama?"

* * *

A Likaka anamupeza Rukiya kukhitchini, atakhala pa ndowa yovundikira, mpeni ndi mbatatesi zili pambali.

"Ndinalowamo, bambo, sindikana. Ndinakasiya matawulo."

"Unaziona?"

"Ndinaziona. Zinkawala. Ndinaima kaye n'kuziyang'ana." Anakweza maso. "Kuyang'ana n'kuba?"

"Iyayi. Kenako?"

"Ndinabwera kuno kudzasenda. Injini inazima ndili pano."

"Anakuona ndani?"

"Ophika anathamangira kumbuyo kukathandiza a Samson."

"Ndiye palibe anakuona."

"Phiri lokha."

A Likaka, amene anali atayamba kale kutembenuka, anaima.

"Wati chiyani?"

Mtsikanayo anachita manyazi, n'kuloza kawindo ka khitchini, kamene kanayang'ana tsidya la Balaka. "Ndimakonda kusendera pano chifukwa uko ndi kwathu, kwa Kalembo. Ndimayang'ana migwalangwa. Ndiye migwalangwa ija inachoka, pawindo panabwera phiri. Linadutsa bwinobwino, ngati likupita kumaliro. Ndinati ndi chizungulire, sindinadye m'mawa. Musalembe zimenezo, anganene kuti ndine wamisala."

"Sindilemba kanthu," anatero a Likaka. Anali atagwirizana kale ndi mtima wawo kuti phiri lija linali la iwo ndi Lilian okha.

* * *

Samson anaseka mpaka chiwongolero chinagwedezeka.

"Simunalote, bwana! Ndi namasupuni. Mvula ikayamba amatsika mtsinje uno ngati minda yothawa eni ake. Anakulunga mapiko a injini. Ndinazimitsa, ine ndi ophika tinagona chafufumimba kumbuyo uko n'kumazula ndi ngowe. Tsono boti lopanda injini ndi tsamba. Madzi analigwira pamphuno n'kulizunguza, gule mmodzi wathunthu, mpaka linayang'ananso kumene linkapita."

"A Hajati akuti sanamve kanthu."

"Sangamve. Kakowa amatembenuka mwaulemu ngati mkwatibwi. Ukakhala m'chipinda, makatani otseka, ungalumbire kuti waima pamtunda."

"Zipinda zonse zinali zotseka makatani?"

"Masana timatseka zonse, dzuwa la kuno silinyengerera."

"Alendo enawo?"

"Banja la ku Zomba lija? Linagona litangolawa vinyo wa Khirisimasi. Akadali kuliza mkonono, kamvereni."

* * *

Shafiq anakhala pamakwerero opita pamwamba, akuseweretsa foni ndi dzanja limodzi. Kamkeka kanali kakadali m'khwapa.

"Ine ndinali pamwamba ndi Shehe, madala, kuyambira poyamba mpaka pa salamu yotsekera swala. Afunseni. Ngati mawu a Shehe sakukwanirani, ndiye kaya."

"Akwanira. Ine ndi wa Katolika, mundikhululukire umbuli. Kumtunda ndimadziwa kuti mzikiti umakulozerani koyang'ana. Nanga pamadzi mumadziwa bwanji?"

Mnyamatayo anamwetulira ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. "Zosavuta. Maka ali kumpoto, boti likupita kumpoto. Umangoyang'ana kutsogolo kwa boti, basi."

"Swala yonse?"

"Yonse. Pa swala munthu sacheukacheuka ngati ali pamsika."

"Ngakhale injini itazima?"

"Ndinaimva ikuzima. Koma swala siduka chifukwa cha injini, madala. Tinapitiriza mmene tinaimira."

"Zikomo. Ndaphunzirapo."

Pokwera makwererowo a Likaka anadutsa pafupi naye, maso ali pansi monga munthu wokalamba wosamala mapazi. Mkanjo wa Shafiq unali woyera kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi. M'mawondo munali mouma.

* * *

Pamwamba panalibe denga. Matabwa anali akuumabe, nthunzi ikukwera pang'onopang'ono. Shehe Mahmudu anakhala pabenchi, mkeka wawo atauyanika pachitsulo cha m'mphepete, ukudontha. Mkanjo wawo unali ndi mabanga awiri onyowa m'mawondo. Kutsidya la Machinga njovu zinaima m'madzi ofika m'mimba, zikuzula bango mosafulumira.

"Bwerani mbali ino, achimwene," anatero Shehe. "Diso lamanjali linapuma ntchito kale, ngati inu. Koma ilo penshoni silinalandire."

A Likaka anakhala kumanzere kwawo.

"Mnyamata uja munaswali naye?"

"Eya. Wotsatira akakhala mmodzi amaima kumanja kwa wotsogolera, chakumbuyo pang'ono. Kumanja kwanga ndi usiku, koma ndinamumva tikuyamba. Nditamaliza ndinapotoloza khosi lonse, ndinamupeza ali khale, mkeka atapinda kale. Ine swala yanga ndi ya bilimankhwe. Ya ana a lero ndi ya minibasi."

"Boti litazungulira munatani?"

Nkhope ya Shehe inawala. "Aa, munaona nanunso? Mphepo inachoka patsaya ili n'kubwera pa ili. Diso labwinoli linaona phiri likubwera. Tsono lamulo lake ndi lakuti chombo chikatembenuka, nawenso tembenuka, usataye kibula, kumene kuli Maka. Ndinaphunzira zimenezi ndili mwana, sindinkadziwa kuti zidzandipeza ndili ndi imvi. Ndinasuntha mapazi pang'onopang'ono ngati mpendadzuwa, mpaka ndinaona mbendera yakumbuyo kwa boti. Ndikuuzani, achimwene, zinali zokoma. Dziko lonse likuyenda, iwe wekha waima."

"Nanga mnyamatayo?"

"Ayenera kuti anazungulira nane, kumbali yanga yamdima." Shehe anaima kaye. Anatembenuza mutu wonse kuti diso lamanzere liwaone bwino a Likaka. "Iye wakuuzani chiyani?"

"Kuti anayang'ana kutsogolo kwa boti, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

Njovu ina inapopera madzi pamsana pake. Mkeka uja unadontha kangapo.

"Akanaima chomwecho," anatero Shehe mwapang'onopang'ono, "ine pozungulira ndikanakumana naye maso ndi maso."

"Ndi mmene ndaganizira."

"Pansi pano panali madzi."

"Mawondo ake ndi ouma. Mkeka wakenso."

"Ndiye sanauyale n'komwe. Anangondiyambitsa, n'kundisiya ndi Mulungu." Shehe anapukusa mutu. "M'chipinda chake munali akazi awiri. Kuchokera apo anthu sanamusiye yekha. Alibe poika."

"Malo amodzi ali nawo. Kamkeka kaja sakukachotsa m'khwapa."

Mkuluyo anasisita ndevu.

"Ndi mwamuna wa mwana wa mlongo wanga. Mbumba imeneyi mwini wake ndine. Mwana ali m'mimbayo adzanditcha ambuye." Anapuma mozama. "Nanga mtsikana uja?"

"Samson watsala pang'ono kutembenuza boti. Lero agona m'chitolokosi."

"Musamuseche mnyamatayo, achimwene. Inu mulibenso yunifomu, ine ndilibe mphamvu. Dzuwa lapendeka, swala yachiwiri ya masana ano yayandikira. Mkeka uli ndi nthawi yake yofunyululidwa."

* * *

Shehe anaitana onse kuti aswalire pamwamba, ngakhale Fadila, ati mphepo imuchitira bwino. Anaitananso Rukiya. A Hajati anafuna kutsutsa, koma achimwene awo anangokweza chala chimodzi. Samson anatsitsa liwiro la injini. A Likaka anakhala pamwamba pa makwerero, chipewa pabondo, ngati munthu amene watopa ndipo wasowa pena pokhala. Aliyense wofuna kutsika akanayenera kuwapempha njira.

Akazi anayala zitenje kumbuyo. Shehe anayala mkeka wawo wonyowa uja.

"Shafiq, yala."

"Ndiswalira pathabwa pomwepa, ambuye. Pauma."

"Uli ndi mkeka m'khwapa, uswalire pathabwa? Yala, mwanangu. Ubwere mbali ino, ya diso labwino. Ndikuone."

"Sindinasambe m'manja."

"Tsika ukasambe. Mkekawo usiye, mkazi wako akuyalira."

Fadila anadzuka movutikira, dzanja limodzi m'chiuno, linalo atalitambasula. "Bweretsani, abambo ake."

Shafiq sanasunthe. Anayang'ana kumakwerero, n'kupeza a Likaka akuyang'ana njovu. Anayang'ana kumadzi.

"Mwatani kodi?" anatero Fadila, akuseka pang'ono. Anagwira nsonga ya kamkeka kaja n'kukoka. Mwamunayo anapana. Fadila anakokanso, kuseka kutatha.

Kamkeka kanafunyuluka.

Zibangili ziwiri zinagwa pomwepo n'kulira ngati timabelu ta pa Misa. Chachitatu chinaima chilili n'kuyamba kugubuduka pamatabwa, chikung'anima padzuwa, mosafulumira. Chinadutsa pamaso pa Shehe, chinadutsa pachitenje cha a Hajati, chikulowera kumphepete kumene pansi pa chitsulo panali mpata, ndipo kunsi kwake Shire.

Phazi la Rukiya linachiponda chitatsala pang'ono.

"Amayi," anatero Shafiq, mawu atasasa, "ndimafuna ndikafike kaye ku Joni uko, ndikanadzabweza…"

"Khala chete," anatero Shehe. "Ulankhula kunyumba, pamaso pa akwanu."

Fadila anakhala pansi pomwe anaima, kamkeka kali m'manja. A Hajati anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ana mwana wawo, ndipo posowa poika maso anawaika pa mtsikana uja.

"Tola, iwe, ubweretse kuno."

Rukiya anali ataikanso manja kumbuyo, monga anaimira m'chipinda chodyera.

"Iyayi, mayi. Manja angawa anenedwa kale lero. Tolani nokha."

Injini inkangong'ung'udza pansi. A Hajati Maryam, amene sitolo zawo zimadziwika kuyambira ku Ngokwe mpaka pa Ntaja, anadzuka ndi mawondo olira, anayenda mpaka kumphepete, n'kugwada. Rukiya anachotsa phazi. Mayiwo anatola chibangili, koma sanadzuke msanga. Anakhala chigwadire, akuyang'ana zala za mwana wa eni, zotuwa ndi sopo wochapira.

"Ndakulakwira, mwana wanga," anatero. Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati si awo.

"Ndamva, mayi."

Mutu wa Samson unatulukira pamakwerero, kumbuyo kwa a Likaka.

"Bwana, ndilowere kuti? Liwonde kapena Malombe?"

A Likaka anayang'ana Shehe.

"Zibangili ndi za mlongo wanga, wakuba ndi wathu," anatero Shehe. "Zimenezo tikamba kwathu. Koma amene chikwama chake chinakhuthulidwa pagulu ndi uyu. Funsani iyeyu."

Rukiya anaganiza kaye. "Muwaimbire eni boti, a Samson, muwauze ine ndikumva. Atchule dzina langa ndi pakamwa pawo kuti ndilibe mlandu. Akatero, tiyeni ku Malombe. Mbatatesi ndasenda kale."

* * *

A Likaka anabwerera pampando wawo wansungwi. Phiri la Chinguni linali litatsalira kumbuyo, labuluu ndi laling'ono, lokhazikika ngati silinayambe lasunthapo. Zilumba za namasupuni zinkatsika mtsinje ndi maluwa ake ofiirira, mbalame yoyera itakwera pa chimodzi, ikupita ku Liwonde osalipira. Pamwamba mawu a Shehe anayamba swala, ndipo kumbuyo kwake ankamveka a akazi okha.

Patapita kanthawi Rukiya anafika ndi thireyi. Anali atamanga mpango watsopano uja kumutu. Anaika kapu imodzi patsogolo pawo, inayo patsogolo pa mpando wopanda munthu, n'kuthira monse muwiri.

"Mpangowo si wa mwezi wamawa?" anafunsa a Likaka.

"Unagwa pansi, bambo. Ndati ndiuyese ngati ukadali wanga." Ananyamula thireyi. "Amayi amathira shuga?"

"Masupuni awiri."

Anathira, anatakasa, n'kupita.

A Likaka anamwa tiyi wawo pang'onopang'ono. Nthunzi ya kapu inayo inkakwera molunjika, kenako n'kupendekera kwa iwo.

"Linayendadi, Lilian," anatero. "Pali mboni."